A Malachy Safuna Kanthu

Kwathu kuno ku Clare munthu woleredwa bwino savomera chinthu pa funso loyamba: tiyi timakana kawiri, buledi timakana kawiri, ndipo akatipempha kuti tiimbeko nyimbo m'bala timalumbira kuti zala zinauma kalekale, kenako pa funso lachitatu timaimba mpaka mwini bala kutithamangitsa ndi tsache. A Malachy Hehir, katswiri wa chitoliro cha mtengo, mwambo umenewu ankaulemekeza kuposa pemphero, ndipo Lamulungu lina masana anakhala m'khitchini mwawo akusenda mbatatesi mtima uli m'mwamba, chifukwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Treasa, anayenera kuyankha tsiku lomwelo kuti nyimbo za makolo akaphunzira ku koleji iti.

Makoleji awiri anali atamulandira ndi vayolini yake. Ina inali m'tauni, ola limodzi pa basi, moti Lachinayi lililonse akanamabwera kudzaimba ndi bambo ake ku bala ya kwa Neylon monga ankachitira kuyambira ali kamwana. Inayo inali ku Scotland, kutsidya kwa nyanja. A Malachy ankafuna yapafupi ndi mtima wawo wonse, koma kuti anene zimenezo, bola kumeza chitoliro. Tsoka lake, Treasa anatengera amayi ake, mzimayi wa ku Holland, kumene munthu ukati sukufuna tiyi amakukhulupirira.

"Bambo, mumwa tiyi?"

"Aa, usavutike ndi ine."

Treasa anathira kapu imodzi, n'kukhala pansi, n'kutsegula kompyuta pakati pa batala ndi jagi ya mkaka. A Malachy anayang'ana nthunzi ikukwera pa kapu ija, n'kumeza malovu.

"Mukufuna ndipite kuti, bambo?"

"Ine?" Anayang'ana mbatatesi ngati ndi imene yafunsa. "Ine usandiwerengere, mwanawe. Ndine yani ine? Nkhalamba ya mano oikirira."

"Chabwino."

"Chabwino chiyani?"

"Sindikuwerengerani."

A Malachy anatchera khutu kudikira funso lachiwiri. Chimene anamva ndi zala zikugogoda pa kompyuta.

"Ukulemba chiyani pamenepo?"

"Ndikuona za ku Scotland. Chipinda chogona chili ndi zenera loyang'ana kumtsinje."

"Mtsinje tili nawo kuseri kwa khola."

"Ija ndi ngalande, bambo."

"Mvula ikagwa imakhala mtsinje."

"Ndiye mukuti ndisapite?"

"Ndanena zimenezo ine? Wazimva pakamwa panga? Ine ndikungoyamikira ngalande."

Apa a Malachy anakumbukira nzeru imene inawathandiza moyo wonse pogula ng'ombe: chinthu ukachifuna uzichinyoza, kuti mwini wake achiyamikire yekha. Anapukuta mpeni pa thalauza, n'kuyamba.

"Kakoleji kapafupika n'kachabechabe ndithu. Sukulu yanji yoti sabata iliyonse ukupezeka kwanu, kudya zotentha, zovala kukuchapira, kugona pabedi lako? Munthu ungaphunzire chiyani utakhuta?"

"N'zoona. Ndikanamataya nthawi yambiri pa basi."

"Ola limodzi lokha."

"Kupita ndi kubwera, awiri."

"Koma basi yake ndi yabwino. Mipando yofewa."

"Mwezi watha munati inakuthyolani msana."

"Msana wanga unathyoka kale, basi inangoupeza."

"Ndiye mukuiyamikira kolejiyo kapena mukuinyoza?"

"Ndikuinyoza. Iweyo ndiye uyenera kunditsutsa."

"Chifukwa chiyani? Mukunena zomveka."

A Malachy anasenda mbatatesi imodzi mpaka inatsala ngati dzira la nkhunda.

"Ndiponso nyimbo zathuzi si za kukoleji," anatero. "Ine ndinaphunzira kwa amalume anga a Festy, m'khola, ndi khutu, ng'ombe zikumvetsera. Ukalakwitsa amakumenya ndi chipewa. Akukolejiwa amaimba maso ali papepala ngati akuwerenga malangizo a mankhwala."

"Ndiye ndisapite ku koleji konse?"

"Iwe, ndauza kale mpingo wonse kuti mwana wanga akupita ku koleji. Ukufuna ndizilowa m'tchalitchi chowerama?"

"Ndiye ndipite, koma onse ndi achabe."

"Onse ndi achabe, koma ina ndi yachabe chapafupi."

"Ngati onse ndi achabe, bola yokhala ndi zenera."

A Malachy anatsokomola. Chinali chifuwa chokonzedwa bwino, chochokera pansi pamtima, chimene ankachisungira tsiku loti wansembe wabwera kudzapempha anthu okapenta tchalitchi.

"Mukudwala?"

"Aa, si kanthu. Ukalamba. Munthu umangogona, mawa anthu n'kukupeza."

"Ndiimbire adokotala." Treasa anatenga foni.

"Siya. Ndili ndi mphamvu kuposa hatchi."

"Ndiye simukudwala."

"Sindikudwala, koma ndikhoza kudwala."

"Mukadzadwala mudzandiuze. Ndege zilipo tsiku lililonse."

A Malachy anayang'ana pansi pa tebulo kufuna wowathandiza, ndipo anapeza galu wawo wa nkhosa, Toss, atagona pa nsapato.

"Ine ayi," anatero, "koma galuyu. Toss sadzapirira. Ukangochoka tsiku limodzi sadya. Amangokhala pazenera kuyang'ana msewu, wailesi osatsegula n'komwe."

"Galu amatsegula wailesi?"

"Ndikungopereka chitsanzo."

"Toss amadya bwino, bambo. Dzulo waba soseji m'mbale mwanga ndili pomwepo."

"Amadya chifukwa cha nkhawa."

Galu uja anayasamula, n'kutembenukira kukhoma. Umboni wabodza anaukana.

"Nanga mpando wako kwa Neylon?" a Malachy anafunsa. "Mpando wa pafupi ndi moto uja sukhala wopanda munthu. Ine ndilibe nazo kanthu, koma anthu adzadandaula."

"Ndakonza kale. Ndamuuza Cathal Frawley kuti azikhalapo."

Mpeni unagwera m'beseni.

"Wang'oma uja?"

"Eya. Akuti wagula ina yaikulupo."

"Wang'oma tili naye kale mmodzi, ndipo timamupirira chifukwa ndi wamasiye. Awiri? Pambali panga? Mnyamata uja amamenya chikopa cha mbuzi ngati mbuziyo inamudyera kabichi."

"Inu munamuuza kuti akuyesetsa."

"Kwathu kuno munthu akakuuza kuti ukuyesetsa, pita ukagulitse ng'omayo."

Treasa anasiya kompyuta, n'kuwayang'ana bambo ake.

"Nanga ine munandiuza chiyani, tsiku lija ndinapambana mpikisano ku Ennis?"

"Ndinakuuza ndithu."

"Munati, 'Ndinamvapo zoipa kuposa izi.'"

"Eetu." A Malachy anatukula chifuwa. "Pamaso pa anthu."

"Ndinalira m'galimoto."

"Inenso ndinalira. Ndinakabisala kuseri kwa lole ya ng'ombe kuti asandione."

"Ine ndinkalira chifukwa ndinkaganiza kuti ndaimba moipa."

"Moipa? Mwanawe, mawu amenewo bambo anga anandiuza kamodzi kokha moyo wawo wonse, ali pafupi kumwalira, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ankanena ine kapena wansembe."

"Ku Scotland atandimva anati ndimaimba bwino kwambiri. Anangonena choncho, bwino kwambiri."

"Anthu opanda ulemu. Mwana wa eni kumuuza zimenezo m'maso muli gwa."

"Zinandikomera."

Mawu amenewa anawapweteka a Malachy. Mwanayu anali atakula akuimba pambali pawo, chigongono chikugunda chigongono, ndipo iwo ankaganiza kuti amamva mmene ankagwedezera phazi mwamphamvu iye akayamba nyimbo. Nthawi yonseyi mwanayo ankangoona nkhalamba ikugwedeza phazi.

"Pita kumene amakuyamikira," anatero chapansipansi. "Ine ndili bwino."

"Mwayamba ngati mmene munachitira ndi amayi."

"Amayi ako usawalowetsemo."

Nkhani yake inali yodziwika mudzi wonse. Treasa ali ku pulayimale, amayi ake anapeza ntchito kwawo ku Holland, ndipo anafunsa mwamuna wawo ngati akufuna kuti akhale. Anamufunsanso mwanayo, ndipo iye anayankha pomwepo kuti atsala ndi bambo chifukwa cha vayolini, kwa amayi azipita patchuthi. Yankho la a Malachy ndiye linavuta.

"Munati, 'Pita, ine ndili bwino,'" anatero Treasa.

"Anafunsa kamodzi. Kamodzi, Treasa! Ndani amanena zoona pa funso loyamba? Ine ndinali ndi yankho labwino, ndinalikonza sabata yonse ndikukama ng'ombe, ndikulisungira funso lachitatu."

"Iwo sankadziwa."

"Ndinawanyamulira chikwama mpaka kubwalo la ndege. Ndinkayenda pang'onopang'ono kuti apeze mpata wofunsanso."

"Iwo amati linali bondo."

"Bondo linalibe vuto. Bondo layamba chaka chatha."

"Anakugulirani mankhwala opaka asanakwere ndege."

"Alipobe m'kabati. Sindinawatsegule."

"Yankho lanulo linali lotani?"

"Linasasa," a Malachy anatero. "Ngati mkaka. Ine ndine munthu woti ndingamire m'nyanja, wina n'kundiponyera chingwe, ine n'kumati aa, musanyowetse chingwe chanu."

Treasa anaganiza kanthawi, monga amachitira akamachuna vayolini.

"Ndiye lamulo ndi katatu."

"Si lamulo, ndi ulemu."

"Chabwino." Anakhala mowongoka. "Mukufuna ndikhale? Mukufuna ndikhale? Mukufuna ndikhale?"

"Ayi, ayi, ayi. Sachita choncho."

"Mwakana katatu."

"Ndikukana kafunsidweko. Ukufunsa ngati ukuitana nkhuku. Pamafunika kupuma pakati. Umayang'ana kumbali, umanenako za mvula, munthu aiwale kuti wafunsidwa."

"Ndiyambirenso?"

"Kaya iwe. Ine sindikukukakamiza."

"Bambo, mukufuna ndikhale?"

"Aa, usavutike ndi ine." Linatuluka bwino, losalala, ndipo a Malachy anamva kukoma.

Treasa anatembenukira kuzenera. "Mvula ikugwa."

"Ikugwadi."

"Ndi madzi."

"Basi, zakwana za mvula."

"Bambo, mukufuna ndikhale?"

"Ayi, mwanawe, dziko ndi lalikulu. Kalione."

"Ndiyang'anenso kumbali?"

"Usandifunse ine. Zizichokera mumtima."

Treasa anayang'ana ketulo, kenako khoma, kenako galu. Atamaliza anawayang'ana bambo ake m'maso, osaphethira.

"Funso lachitatu. Mukufuna ndikhale?"

"Sanena kuti ndi lachitatu."

"Koma ndi lachitatu."

"Ndikudziwa kuti ndi lachitatu, koma sitimalengeza ngati mpikisano wa mahatchi. Ndipo usandiyang'ane choncho, ngati ukudikira thadzi liikire dzira."

"Ndikudikira yankho."

A Malachy anatsegula pakamwa. Yankho linalipo, lija la kubwalo la ndege, litaima pakhosi ndi chikwama chake. Koma mwanayo ankadziwa kale chimene anene, galu ankadziwa, ndipo kuvomera pamaso pa mboni zodziwa kale ndi manyazi amene wa kwa Hehir sanawaonepo. Pakamwa pozolowera kukana panakana pokha.

"Pita ku Scotland."

Kwathu kuno kukana kwachitatu ndiye kukana kwenikweni, ndipo ngakhale bishopu sangakubweze.

"Chabwino," anatero Treasa. Anakokera kompyuta pafupi, chala n'kuima m'mwamba. "Ndikangodina apa, zatha."

"Dikira."

"Mwayankha kale."

"Ndayankha molakwika."

"Ndifunsenso kachinayi?"

"Kachinayi kulibe. Kachinayi amafunsa apolisi."

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Malachy anapukuta manja, anaimirira, anavula chipewa chimene sankavula ngakhale pakudya, n'kuchigwira pachifuwa ngati ali pamaliro. Mutu unaoneka woyera mbee, wosazolowera kuwala.

"Treasa."

"Bambo."

"Khala." Liwulo linatuluka ngati dzino lozulidwa ndi pulayala. "Pita ku koleji yapafupi. Galu alibe nazo kanthu, galu ndi mbava. Ndine amene sindidya. Ndine amene ndimakhala pazenera."



"Aa, musavutike ndi ine, bambo."

Kenako Treasa anatembenukira kuzenera. "Mvula yachepako."

"Mvula ndilibe nayo ntchito." A Malachy anapotokola chipewa. "Tamvera. Umaimba bwino. Bwino kwambiri, monga akunenera akunjawo. Unandipitirira kalekale, ndipo ndinazindikira tsiku lomwelo, ndiye n'chifukwa chake ndinayamba kudandaula za mano. Chitoliro changa popanda vayolini yako ndi mphepo yolowera pansi pa chitseko. Amayi ako ndinawalola kupita ndi pakamwa pangapa. Iwe usapite. Chonde khala."

"Ayi ndithu, bambo. Zenera lija ndi labwino."

A Malachy anakhala pansi pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno linalidi bondo. Mwana ameneyu sananamepo chibadwire. Akati tiyi wazizira, wazizira. Akati ayi, ndi ayi. Chisoni chinawagwira, koma anaona kuti chinali chisoni chodzigulira okha, ndipo panalibe womudandaulira.

"Chabwino, mwana wanga," anatero. "Iwe sunama, unatengera amayi ako. Chikwama chili pamwamba pa kabati, ndichipukuta fumbi mawa. Kubwalo la ndege ndidzakuperekeza, njira ndikuidziwa."

A Malachy anayang'ana chakukabati, n'kupitiriza.

"Ndidzayenda mwachangu ulendo uno. Utenge jekete langa lija lochindikala, kumeneko kumazizira kuposa kuno, ngakhale iwo amakana. Cathal ndidzamuzolowera. Munthu amazolowera chilichonse, ngakhale ng'oma. Ndidzagula thonje la m'makutu."

Anavala chipewa, anatola mpeni, n'kuyang'ana mbatatesi zimene anasenda. Zinali zochuluka kwa munthu mmodzi. Chala cha Treasa chinali chidakali m'mwamba.

"Dina, mwanawe, tsiku lisathe. Ukudikira chiyani?"

"Ndikudikira inu."

"Ine ndamaliza."

"Simunamalize."

"Ndanena zonse zimene ndinali nazo. Ndavula ndi chipewa chomwe."

Treasa anatsitsa chala, anapinda manja, n'kuyang'ana kudenga monga amachitira bambo ake akawapempha nyimbo kwa Neylon.

"Mwandifunsa kawiri kokha, bambo. Mukufuna anthu azinena kuti sindinaleredwe?"